Kabokosi Kakafiira: N'chifukwa Chiyani Fomu ya Pafoni Imakana Dzina Lanu?

Pamsewu waukulu wochokera ku Harare kupita ku Bulawayo pali matauni awiri oyandikana. Chegutu ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku Harare, ndipo Kadoma ili patsogolo pake, pa makilomita pafupifupi 140. Mwezi ukamatha, m'makhonde a masitolo a m'matauniwa mumadzaza anthu ataweramira mafoni. Wina akugula magetsi, wina akulipira fizi ya mwana, wina akutumiza kangachepe kwa abale a ku Dedza kapena ku Mangochi. Zolinga n'zosiyana, koma zala zawo zikugwira ntchito imodzi: kudzaza timabokosi ta pasikirini, ka dzina, ka nambala ya foni, ka nambala ya chitupa, ka ndalama.

Zinthu zikamayenda bwino palibe amene amatiganizira timabokosi timeneti. Timadziwika tikafiira. Munthu walemba zonse, wadina batani, basi m'mphepete mwa kabokosi kamodzi mwangoti psuu, pansi pake n'kutuluka mawu awiri a Chingerezi, "Invalid input". Chalakwika n'chiyani, sakuuzidwa. Achite chiyani, sakuuzidwanso. Ambiri amayesa kawiri katatu, kenako n'kupatsira foni mdzukulu kapena kukaima pamzere kwa ajenti, uku akudzida kuti zamakonozi zinawapitirira.

Komatu nthawi zambiri wolakwa sakhala mwini foni. Kukula kwa kabokosi, mtundu wa zilembo, kiyibodi imene imatuluka, nthawi imene kufiirako kumabwera ndiponso mawu olembedwa pansi pake, zonsezi alipo munthu amene anakhala pansi n'kuzisankha. Akasankha mosaganizira, fomu imabweza anthu amene mapepala awo alibe vuto lililonse. M'mabanja a ku Kadoma ndi Chegutu amene makolo awo anachokera ku Malawi nkhaniyi imaonekera poyera kwambiri, poti mayina, manambala ndi mapepala awo ndi a mayiko awiri.

Zenera la kalaliki

Kufikira 1982, Kadoma inkatchedwa Gatooma ndipo Chegutu inali Hartley. Derali ndi la golide ndi thonje. Mgodi wa Cam and Motor ku Eiffel Flats, wa Dalny ku Chakari, mafamu a azungu ndi mafakitale a nsalu a David Whitehead, dzina limene anthu a ku Blantyre akulidziwanso bwino, zinkafuna manja ambiri. Amuna a ku Nyasaland ankabwera, ena wapansi, ena pa malole a Ulere, ena polembedwa ntchito ndi bungwe la Mthandizi. Anayamba kubwera chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chisanakhazikitsidwe mu 1953, ndipo chitatha mu 1963 ambiri sanabwerere. Anachona. Zidzukulu zawo lero zili ku Rimuka ku Kadoma, ku Pfupajena ku Chegutu ndi m'makomboni a migodi, kumene gule wamkulu amatulukabe.

Mwamuna aliyense ankayamba wadutsa pazenera la kalaliki. Kalalikiyo ankalemba dzina mmene lamvekera m'makutu mwake, ndipo zaka zobadwa nthawi zina ankangoyerekeza poyang'ana nkhope. Ndiye chifukwa chake banja limodzi limapezeka ndi dzina lolembedwa mosiyana pa chitupa cha agogo, pa kalata yobadwira ya bambo ndi pa satifiketi ya mwana.

Malamulo nawo anawonjezera mfundo pachingwe. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira mu Zimbabwe momwemo anapezeka akuwerengedwa ngati alendo. Malamulo oyendetsera dziko a 2013 ndiwo anakonza zinthu: ndime 43 inapereka unzika kwa obadwira m'dzikolo amene kholo lawo linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo ndime 6 inaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Komabe mu 2021 bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti losonyeza kuti zidzukulu zambiri za anthu obwera kudzagwira ntchito zinali zopandabe mapepala.

Lero kabokosi ka pafoni kakhala pampando wa kalaliki uja. Kusiyana kwake n'kwakuti kalaliki unkatha kumufotokozera, iye n'kupukusa mutu, n'kulemba. Kabokosi kamangotsata lamulo limene anakaikira, ndipo ukakachonderera sikamva.

Kabokosi koyenera kamaoneka bwanji?

Choyamba ndi dzina la kabokosi, mawu aja amene amakuuza chofunika kulemba. Opanga mapulogalamu ambiri amakonda kuwaika m'kati mwa kabokosi, m'zilembo zotuwa, kuti sikirini ioneke yoyera. Vuto lake n'lakuti munthu akangolemba chilembo choyamba, mawuwo amazimiririka. Mwana akalira, kapena wina akaimba foni, wolembayo pobwerera sakudziwanso ngati manambala amene ali pakatiwo anali a mita kapena a chitupa. Kampani ya Nielsen Norman Group, imene imafufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito makompyuta, inachenjeza za khalidweli mu 2014. Njira yodalirika ndi yoika dzina pamwamba pa kabokosi, kuti likhale pomwepo mpaka munthu amalize. Malangizo a Google otchedwa Material Design, amene anatuluka chaka chomwecho, anafalitsa njira ya pakatikati: dzina limayambira m'kati, ndipo ukadina limakwera pamwamba n'kuchepa. Njirayi imathandiza ngati zilembo zokwerazo sizinachepe mpaka kufuna magalasi.

Chachiwiri ndi kuwala. Bungwe la W3C, limene limakonza miyezo ya intaneti, lili ndi malangizo otchedwa WCAG okhudza anthu amene ali ndi ulumali kapena vuto la maso. Malangizowa amati kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo wamba ndi pamene zalembedwapo kusachepere 4.5 kwa 1, ndipo kwa mzere wozungulira kabokosi kusachepere 3 kwa 1. Mu ofesi yozizira ya ku Harare kapena ku Cape Town, zilembo zotuwa pang'ono pamalo oyera zimaoneka zaulemu. Pa siteji ya makombi ku Kadoma, masana a mu Okutobala, pa foni yosweka galasi imene mwini wake wachepetsa kuwala kuti batire lifike madzulo, zilembo zomwezo sizioneka n'komwe.

Chachitatu ndi kukula. Apple imalangiza kuti malo odina asachepere mapointi 44 mbali zonse, ndipo Google imati mayunitsi 48, omwe ndi mamilimita pafupifupi 9. Muyezowu unachokera pa kukula kwa nsonga ya chala. Chala cha munthu wokumba golide ku Chakari kapena wothyola thonje n'chokhakhala, ndipo timabokosi tikathinana amadina kamene sanafune. Timabokosi tiyeneranso kundandalikidwa mumzere umodzi wotsika, chifukwa kiyibodi ikatuluka imadya pafupifupi theka la sikirini. Kamene kakulembedwako kaoneke kosiyana ndi tinzake, mzere wake ukhale wonenepa. Utali wake nawo umalankhula: kabokosi ka manambala 4 kakatambalala sikirini yonse, munthu amayamba kukayikira ngati walemba zokwanira.

Manambala a mayiko awiri

Nambala ya foni ndi imene imagwetsa anthu ambiri. Ku Zimbabwe, ya Econet imayamba ndi 077 kapena 078, ya NetOne 071, ya Telecel 073. Munthu mmodzi yemweyo amatha kuilemba poyamba ndi 0, kapena +263, kapena 263 yopanda chizindikiro, nthawi zina ndi timipata pakati. Zonsezi ndi nambala imodzi, ndipo kuchotsa timipata kapena ziro woyamba ndi ntchito imene foni imachita m'kuphethira kwa diso. Google inatulutsa kalekale pulogalamu yaulere, libphonenumber, imene imazindikira manambala a mayiko onse. Fomu imene ikufiirabe chifukwa cha kampata, ndiye kuti woipangayo wasenzetsa kasitomala ntchito imene inali yake.

Kwa wotumiza ndalama ku Malawi pali msampha wina. Zimbabwe ndi +263, Malawi ndi +265, Zambia ndi +260. Pambuyo pa manambala a dzikowo, nambala ya m'manja ya ku Zimbabwe ili ndi manambala 9, ya ku Malawi 9, ya ku Zambia 9. Kungowerenga utali sikungagwire cholakwa. Fomu yanzeru imayang'ananso chiyambi: ikaona 99 kapena 88, zimene ndi za Airtel ndi TNM ku Malawi, pomwe dziko losankhidwa ndi Zimbabwe, imafunsa. Pamndandanda wa mayiko, Malawi imagundana ndi Malaysia, ndipo Zimbabwe ili pansi penipeni pafupi ndi Zambia. Chala chikaterereka pang'ono, dziko lasintha. N'chifukwa chake makampani otumiza ndalama amachita bwino akaika mayiko oyandikana nawo pamwamba, ndiponso akaonetsa dzina la wolandira munthu asanatsimikize.

Chitupa cha ku Zimbabwe chili ndi kalembedwe kakekake: manambala 2 osonyeza kumene munthu analembetsera, manambala 6 kapena 7, chilembo chimodzi, kenako manambala 2 a boma la kwawo. Wolembetsera ku Harare amayamba ndi 63, wa ku Bulawayo 08. Pamenepa pali misampha itatu. Kabokosi kakamangolandira manambala okhaokha, chilembo chija chilibe polowera. Kakamaumirira utali umodzi, kamasiya kunja a manambala 6 kapena a manambala 7. Ndipo pulogalamu ikaiona nambalayo ngati ya masamu, imataya ziro wa 08 n'kusunga 8, chitupa n'kusanduka cha munthu wosadziwika. Chilembocho chili ndi ntchito yake: chimachokera pa masamu a manambala a kutsogolo kwake, kotero foni ikhoza kudziwa yokha kuti penapake chala chaphonya.

Chiphaso cha unzika cha ku Malawi, chimene bungwe la National Registration Bureau linalembetsa anthu ambiri mu 2017, n'chosiyana kwambiri. Nambala yake ili ndi zilembo ndi manambala zosakaniza, zonse pamodzi 8. Fomu yotumizira ndalama imene inakonzedwa poganizira chitupa cha dziko limodzi lokha imakana wolandira wa ku Ntcheu popanda chifukwa.

Magetsi nawo ali ndi manambala awo. Mita yolipiriratu ya ZESA nthawi zambiri imakhala ndi manambala 11, ndipo tokeni yogula imakhala ndi 20, monganso ya ESCOM ku Malawi. Palibe amene angasunge manambala 20 m'mutu, ndiye amawagawa m'magulu 5 a manambala 4. Makhadi a kubanki a manambala 16 amagawidwanso chimodzimodzi, ndipo kabokosi kabwino kamaika timipatato kokha munthu akamalemba. Nambala yomaliza ya khadi ndi mlonda wa zinzake: imatsata njira imene anatulukira Hans Peter Luhn wa kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1950, imene imagwira nambala iliyonse imodzi yolakwika ndiponso zambiri mwa zimene zasinthana malo. Cholakwa chotere chimagwidwa foni isanatumize kalikonse.

Kabokosi ka ndalama kamafuna chisamaliro chapadera. Kuyambira mu Epulo 2024 Zimbabwe ili ndi ndalama ya ZiG, imene ikuyendera limodzi ndi dola ya ku America. Kabokosi kongoti "Amount" kopanda chizindikiro cha ndalama pambali pake n'koopsa, chifukwa 50 ya ZiG ndi 50 ya dola zili kutali. Pali nkhaninso ya mpumiro ndi mpatuliro. Ku Zimbabwe ndi ku Malawi 1,500 ndi chikwi ndi theka, pomwe ku Mozambique ndi m'kalembedwe ka boma ku South Africa mpatuliro ndi umene umalekanitsa masenti. Mnyamata wa ku Chegutu amene akugwira ntchito ku Johannesburg, foni yake itatcheredwa za kumeneko, akhoza kupeza kiyibodi ili ndi mpatuliro pomwe fomu ikufuna mpumiro.

Dzina lokhala ndi nkhodolero

Tiyerekeze gogo wina wa ku Rimuka, dzina la bambo ake ndi Ng'oma, akulembetsa pa pulogalamu ina yolandirira ndalama, mdzukulu wake ali pambali. Mdzukulu walemba dzinalo monga lilili pa chitupa. Kabokosi kafiira: mayina akhale a zilembo zokha. "Agogo, ikukana kachizindikiro ka pakati pa g ndi o," akutero mtsikanayo. Achotsa nkhodolero ija, fomu yalola. Patapita masiku awiri uthenga wabwera wakuti dzina silikugwirizana ndi la pa chithunzi cha chitupa. Fomu yomweyo imene inawakakamiza kusintha dzina ndi imenenso ikuwakana chifukwa chosintha.

Kukana nkhodolero kuli ndi mbiri yake. M'chilankhulo chimene makompyuta amasungira zinthu m'nkhokwe zawo, chizindikirochi chimatanthauza mapeto a mawu, ndipo akuba a pa intaneti akhala akuchigwiritsa ntchito polowetsa malamulo awo m'makompyuta a eni. Mankhwala enieni a vutoli akudziwika kwa zaka zambiri, ndipo amapakidwa ku mbali ya nkhokweyo. Koma ena amasankha chidule: kuletsa chizindikirocho basi. Ovutika ndi a Ng'oma, a Ng'ambi, a Mang'anda ndi a M'bwana, pamodzi ndi a O'Brien a ku Ireland. Chilembo cha ŵ, chimene ena amalembera Malaŵi, chimakanidwanso m'mafomu amene amangodziwa zilembo 26 za Chingerezi. Mu 2010 katswiri wina wa mapulogalamu, Patrick McKenzie, analemba mndandanda wa zinthu zabodza zimene anzake amakhulupirira zokhudza mayina a anthu, monga zakuti dzina la munthu silisintha ndiponso kuti aliyense ali ndi dzina loyamba ndi la bambo. Nkhani yakeyo imawerengedwabe chifukwa zolakwazo zikuchitikabe.

Kiyibodi nayo imalowerera. Ikasiyidwa kuti izikonza mawu yokha, imatenga dzina la Chichewa n'kuliphwanya kuti lifanane ndi mawu a Chingerezi. Wopanga fomu akhoza kuzimitsa zimenezi pa kabokosi ka dzina ndi mzere umodzi wokha wa malangizo. Akhozanso kuuza foni kiyibodi yoyenera: ya manambala akuluakulu pa nambala ya foni, yokhala ndi @ pa imelo.

Tsiku lobadwa ndi dzenje lina. Ku Zimbabwe ndi ku Malawi 03/04/1958 ndi 3 Epulo, ku America ndi 4 Malichi. Mapulogalamu ena amatulutsa kalendala yoyambira mwezi uno, ndipo wobadwa mu 1958 amayenera kubwerera m'mbuyo miyezi yoposa 700. Boma la Britain, pa malangizo ake a mafomu a GOV.UK, linasankha timabokosi titatu tolembamo: tsiku, mwezi, chaka. Ndiye pali kabokosi ka positikodi. Zimbabwe sigwiritsa ntchito manambala amenewa, koma mafomu okopera kunja amawaumirira, ndipo anthu anazolowera kungolemba maziro kapena 00263 kuti adutse. Kampani imasunga zabodza zimene inachita kupempha yokha.

Kufiira kubwere liti, ndipo kunene chiyani?

Nthawi ya uthenga ndi yofunika ngati mawu ake. Mafomu ena amakalipa munthu atangolemba nambala yoyamba, kumuuza kuti nambala ya foni ndi yaifupi iye asanamalize. Ena amakhala duu mpaka kumapeto, kenako n'kutulutsa zolakwa zonse pamodzi. Mu 2009 Luke Wroblewski, amene analemba buku lonena za mafomu a pa intaneti, anayesa njira zosiyanasiyana mothandizana ndi kampani ya Etre ya ku London. Fomu imene inkayankha munthu akumalemba, itakonzedwa bwino, inachepetsa zolakwa ndi 22 peresenti ndiponso nthawi yodzaza ndi 42 peresenti poyerekeza ndi yodikira kumapeto. Koma anapezanso kuti yankho limathandiza likabwera munthu atamaliza kabokosi n'kupita pa kena. Likabwera chala chikadali pakati, limasokoneza. Pali lamulo lina limene akatswiri ambiri amatsata: munthu akabwerera kudzakonza, kufiirako kuchoke pompo akangokonza, asachite kudinanso batani kuti adziwe.

Mtundu wofiira pawokha sukwanira. Pali anthu, makamaka amuna, amene sasiyanitsa bwino chofiira ndi chobiriwira. Pakati pa azungu ndi mwamuna mmodzi pa 12 alionse, ndipo mu Africa chiwerengerocho n'chotsikirapo koma alipo. Palinso osaona amene foni imawawerengera mokweza zimene zili pasikirini. Malangizo a WCAG amati cholakwa chifotokozedwe m'mawu, ndipo ngati njira yokonzera ikudziwika, inenedwe. Choncho pafunika zinthu zitatu pamodzi: mzere wofiira, kachizindikiro kochenjeza ndi chiganizo. Chiganizocho chikhale pansi pa kabokosi kolakwikako, osati pamwamba pa tsamba pamene kiyibodi kapena chala chaphimba, ndipo chisazimiririke chokha munthu asanawerenge.

Uthenga wabwino umayankha mafunso awiri: chavuta n'chiyani, ndipo ndichite chiyani. "Error 400" suyankha lililonse. "Nambala ya mita imakhala ndi manambala 11, mwalemba 10" wayankha onse awiri. Malangizo a GOV.UK amaletsa ngakhale mawu akuti "invalid" ndi "you forgot", poti oyambawo sathandiza ndipo achiwiriwo amaloza chala. Lamulo limene kabokosi kakutsata lilembedwe poyera munthu asanayambe. Kumuuza kuti mawu achinsinsi amafuna chilembo chachikulu atalephera kale, kenako kuti amafunanso nambala atalephera kachiwiri, n'kumutayitsa nthawi ndi bandulo.

Nanga chilankhulo? Mafomu ambiri a pafoni ku Zimbabwe ali m'Chingerezi. Gogo wa ku Pfupajena amalankhula Chichewa pakhomo ndi Chishona kumsika, ndipo Chingerezi chake ndi cha pantchito. Kumasulira pulogalamu yonse kumadya ndalama, koma mauthenga a zolakwa m'fomu imodzi amakhala ochepa, ndipo ndi pamene munthu amafunikira kumva bwinobwino. Womasulirayo akumbukire kuti mawu a Chichewa ndi Chishona amatalika kuposa a Chingerezi. Malo osiyidwa a mzere umodzi amadula chiganizo pakati, mbali yotayikayo n'kukhala imene inali ndi yankho.

Netiweki ikathawa

Kuyesa zolembedwa kumachitika pawiri. Foni imayesa zimene ingathe payokha, monga utali ndi kalembedwe. Zina, monga ngati mita ilipodi kapena ngati dzina likugwirizana ndi chitupa, zimadziwika ku makompyuta a kampani, ndipo uthengawo umayenda pa netiweki. Magetsi akazima nthawi yaitali, nsanja zina za mafoni zimafooka, ndipo m'mafamu a pakati pa Chegutu ndi Chakari netiweki imabwera n'kupita. Pulogalamu yosaganiza imatenga kulephera kwa netiweki n'kukuonetsa ngati cholakwa cha wolemba. Ina imafufuta zonse n'kumubweza poyambira. Choyenera n'kusunga zolembedwazo, kunena mosabisa kuti vuto ndi netiweki, ndiponso kutseka batani lotumizira likadinidwa kamodzi kuti ndalama zisapite kawiri.

Apa m'pamene njira yakale ya manambala oimba imaonetsa mphamvu. EcoCash, njira yotumizira ndalama pafoni imene inayamba mu 2011, imayendera pa *151#, ndipo njirayi imagwira ngakhale pa timafoni ta mabatani timene ku Zimbabwe amatitcha kambudzi. Ilibe mtundu, ilibe kabokosi kokongola, koma imafunsa funso limodzi pa nthawi imodzi ndipo imabwereza zimene walemba usanatsimikize. Opanga mapulogalamu amakono akhoza kuphunzirapo: funso limodzi, mawu ochepa, kenako tsamba lotsimikizira.

Mawu achinsinsi ali ndi vuto lawolawo. Akabisidwa ndi timadontho, munthu salidziwa dontho limene lalakwika. Kachizindikiro ka diso, kamene kamaonetsa zolembedwa ukakadina, kamachepetsa vutoli, ndipo mu 2017 bungwe la boma la America loona za miyezo, NIST, linalangiza kuti anthu azipatsidwa mwayi umenewu komanso kuti malamulo okakamiza kusakaniza zizindikiro achepe. Koma pamzere wa ajenti, pamene mapewa amagundana, diso lija likhale lotseka mpaka mwini wake atalifuna. Manambala otsimikizira obwera pa SMS nawo apatsidwe nthawi yokwanira, chifukwa uthenga umatha kufika mphindi yoikidwayo itatha.

Fomu yovuta ili ndi mtengo wina wobisika. Munthu akalephera yekha amapereka foni, chitupa ndi PIN kwa wina kuti amuthandize, ndipo si onse othandiza amene ali ndi mtima wabwino. Zimbabwe inakhazikitsa lamulo loteteza zinsinsi za anthu mu 2021, ndipo bungwe la POTRAZ ndi limene limayang'anira. Kabokosi kalikonse kofunsa chinthu chosafunika kamawonjezera mpata wolakwitsa ndiponso katundu amene kampani iyenera kulondera.

Zoyenera kuchita

Kwa achinyamata amene akuphunzira kupanga mapulogalamu ku Chinhoyi University of Technology, ku Harare Institute of Technology kapena ku MUBAS ku Blantyre, mayeso a fomu safuna zipangizo zodula. Lembanimo dzina la Ng'oma. Lembanimo chitupa choyamba ndi 08, china cha manambala 6, china cha 7, ndi chiphaso cha ku Malawi. Lembani nambala ya foni ndi timipata, kenako ndi +265. Tulukani nayo panja masana pa foni yotchipa, muzimitse data pakati pa ntchito, ndipo muipereke kwa munthu wachikulire inu mutakhala chete osamulozera. Pamene wagwira njakata mpamene pafunika kukonza.

Kwa inu ogwiritsa ntchito, kabokosi kakafiira musafulumire kufufuta zonse. Onani ngati kiyibodi yaika kampata kumapeto kwa mawu, chifukwa imachita zimenezi kawirikawiri mukasankha mawu amene yakupatsani. Yesani nambala yopanda timizere ndi timipata. Onetsetsani kuti dziko losankhidwa ndi loyenera, ndiponso kuti simunasinthanitse chilembo O ndi ziro. Musanatsimikize ndalama, werengani dzina la wolandira ndi mtundu wa ndalamayo. Dzina lanu likakanidwa chifukwa cha nkhodolero, jambulani sikirini musanalisinthe, kuti mudzakhale ndi umboni akadzati silikugwirizana ndi chitupa. Kenako tumizani chithunzicho ku ofesi yothandiza makasitomala ya kampaniyo, mutchule kabokosi kamene kakukana ndi mawu amene kakulemba, ndipo PIN yanu musaipereke kwa aliyense, ngakhale amene akukuthandizani kudzaza fomuyo.